Tifunseni: Makina amakono tagula m'fakitale ya zovala, nanga phindu lake lili kuti?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa anthu ogwira ntchito m'mafakitale osoka zovala, ndipo onse akuzungulira pa nkhani imodzi, makina odziyendetsa okha aja olumikizidwa ku kompyuta. Ndasankhapo asanu, ena ndawafupikitsa pang'ono kuti akwane pa tsamba.

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ine ndimayang'anira ntchito yosoka pa fakitale ina ya malaya a kolala. Chaka chatha abwana anagula makina odula nsalu oyendera kompyuta, anaikanso mahang'ala oyenda okha pa njanji ya m'mwamba pa laini imodzi, komanso matabuleti pa mashini iliyonse owerengera zomwe munthu wasoka. Ndalama zinalowa zambiri zedi koma mpaka pano malaya otuluka pa tsiku sanasinthe kwenikweni, ndiye ine ndimangoitanidwa ku ofesi kukafunsidwa kuti vuto ndi chani. Ndikuona ngati anatigulitsa zinthu zosathandiza. Kodi ndikulakwa?
Bambo wothedwa nzeru

Yankho: Bambo, pepani ndi kupanikizika komwe mulimoko, ndikukumvetsani ndithu. Koma ndinene mosabisa, sindikukhulupirira kuti vuto ndi makinawo. Makina odula nsalu oyendera kompyuta si chinthu chongoyeserera ayi, Joseph Gerber wa ku America anatulutsa oyamba cha m'ma 1969 ndipo kuchokera pamenepo kampani yake komanso Lectra ya ku France akhala akuwawonjezera luso mpaka lero mafakitale akuluakulu ambiri amadalira omwewo. Mahang'ala oyenda pa njanji nawonso ndi akale, anayambira ku Sweden m'fakitale ya malaya ya Eton zaka za m'ma 1960. Zinthu zimenezi zimagwira ntchito. Chomwe ndikuganiza kuti chachitika kwa inu n'chakuti mwafulumizitsa malo omwe sanali ochedwa, pomwe malo ochedwawo ali momwe analili.

Laini yosoka ili ngati gulu la anthu oyenda ulendo limodzi, olo ena akhale othamanga chotani gulu lonse limafika pa nthawi yomwe wotsimphina uja wafika. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone bwino. Malaya amodzi akufuna mphindi 20 za ntchito yonse, muli ndi osoka 40 ndipo aliyense amagwira mphindi 480 pa tsiku. Ndiye kuti muli ndi mphindi 19,200, kugawa ndi 20 mukupeza malaya 960 ngati zonse zikuyenda bwinobwino. Tsopano pa laini yomweyo pali munthu mmodzi yekha wolumikiza kolala ndipo iyeyo amatenga mphindi 1.2 pa malaya amodzi, ndiye kuti olo asadzuke n'komwe pampando tsiku lonse sangapose 400. Basi laini yanu ndi ya malaya 400, kaya kodulira kuli makina odula mabandulo chikwi pa ola kaya mahang'ala akuthamanga bwanji pamwamba apo, zonsezo zikungokaunjikana pamaso pa munthu wa kolala uja, ndipo otsatira ake akungodikira manja ali m'khosi.

Ndiye ntchito yanu yoyamba mawa m'mawa isakhale ku ofesi, yendani pa laini muone pomwe mahang'ala adzadzana ndi pomwe njanji ili mbee. Pomwe adzadzanapo ndi pamene pali vuto lanu. Mwayi wanu ndi wakuti matabuleti aja akukuuzani kale zimenezi ola ndi ola, kungoti ndikukayikira ngati pali amene amawerenga nthawi isanathe. M'mafakitale ambiri manambala amenewa amasindikizidwa madzulo, abwana n'kuwaona mawa lake, kukalipa, basi. Nambala ya dzulo siyingasoke malaya a dzulo. Phindu la tabuleti lili pakuti supavaiza aone 9 koloko kuti pa kolala payamba kutsalira, pofika 9:15 akhale atasuntha munthu wina wodziwa kolala kuchoka pomwe pali ntchito yochepa, kapena atagawa ntchitoyo pawiri kuti wina azingokonzeratu wina azingosoka. Izi zimatheka pokhapokha ngati muli ndi osoka odziwa ntchito ziwiri kapena zitatu aliyense ndipo mwalemba penapake kuti uyu amatha chakuti ndi chakuti pa liwiro lakuti, komanso ngati supavaizayo mwamupatsa mphamvu yosuntha anthu osachita kukapempha chilolezo ku ofesi. Popanda zimenezi tabuleti ija ndi kope lodula chabe.

Chinanso chomwe anthu ambiri sachiganizira, munthu wosoka nthawi yake yambiri sathera pa kusoka kwenikweniko. Nthawi yomwe singano imayenda siifika ndi theka lomwe, yotsalayo imapita pa kutola chidutswa, kuchiyala, kulinganiza m'mphepete, kutembenuza, kudula ulusi, kumanga bandulo ndi kuikankhira kutsogolo. Mahang'ala anapangidwira kuchotsa kumasula ndi kumanga mabandulo komanso kuwerama kuja, ndiye ngati hang'ala ikuima patali moti wosoka akuchita kudzuka kapena kupotoza msana kuti achotse nsalu, kapena akuchotsa chovala chonse pa hang'ala pomwe ntchito yake akanatha kuigwira chili chokolekedwa, mwataya phindu lonse lomwe munagulira. Khalani pambali pa wosoka mmodzi mphindi khumi mungoyang'ana manja ake, muona zambiri zomwe sikirini singakuuzeni. Ndipo mufunseni mwini wake chomwe chikumuchedwetsa, amadziwa kuposa aliyense.

Za makina odula aja, ndikupempheni mukawauze abwana kuti akuyang'ana phindu pamalo polakwika. Makina amenewo phindu lake lalikulu silioneka pa kuchuluka kwa malaya, limaoneka pa nsalu. Pa mtengo wopangira chovala nsalu nthawi zambiri imatenga theka kapena kuposa, ndiye pulogalamu yoyala mapatani pa kompyuta ikamapanikiza zidutswa bwino moti zinyenyeswa zichepe, ndalama yake ndi yooneka. Tiyerekezenso, oda yomwe imadya mamita 10,000 pomwe nsalu yolowadi m'chovala ndi 82 pa 100 iliyonse, mukakwera kufika 85 mwapulumutsa mamita pafupifupi 350 pa oda imodzi yokha. Onjezani apo kuti zidutswa zodulidwa ndi makina zimafanana ndendende kuyambira chapamwamba mpaka chapansi pa mulu, ndiye wosoka savutika kukoka kuti zikumane ndipo zobwezedwa zimachepa. Kodi alipo amene akulemba mamita omwe mukugwiritsa ntchito pano kuyerekeza ndi kale? Ngati palibe yambani sabata ino, mwina mupeza kuti makinawo akhala akubweza ndalama yake mwakachetechete inu mukukalipiridwa.

Koma samalani ndi chinthu chimodzi, poti makina odulawo ndi achangu pamabwera chiyeso chongodula zambirimbiri kuti asaoneke ngati angokhala. Musatero. Nsalu yodulidwa yomwe ikudikira sabata ziwiri ndi ndalama yogona, imada, zidutswa zimasochera, mitundu imasakanikirana, ndipo kasitomala akasintha kanthu pa sitayilo simungaibwezerenso pa mpukutu. Dulani zokwana tsiku limodzi kapena awiri kutsogolo kwa laini, makinawo akaima aime.

Pomaliza pa funso lanu, nzeru ya makina amakono siili pa liwiro pokha. Sakichi Toyoda ku Japan, yemwe banja lake linadzayambitsa kampani ya magalimoto ya Toyota, anatchuka ndi makina oluka nsalu omwe ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, otchuka kwambiri ndi a mu 1924, ndipo ubwino wake unali wakuti nsalu yolakwika isapitirire kupangidwa munthu asakuona. Ganizo lomwelo ligwiritseni ntchito pa matabuleti anu, woyendera kwalite akapeza msoko wopindika alembe pomwepo kuti wachokera pa mashini iti, uthenga ufike kwa wosokayo nthawi yomweyo pasanadutse malaya 200 olakwika mofanana. Malaya osokedwa kawiri amadya mphindi za malaya awiri koma amagulitsidwa kamodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti mukawerenga obwezedwa pa laini yanu mupeza gawo lina la malaya omwe abwana akuwasowa aja.

Funso: Ine ndi mayi wosoka, ndakhala pa mashini zaka zambiri ndipo ntchito yanga ndi kulumikiza mikono ya ma T-shirt. Chibwerereni makina atsopano anzathu omwe ankadula ulusi ndi kunyamula mabandulo anawachotsa ntchito, ndipo kutsogolo kwa laini anaikako sikirini yaikulu yoonetsa nambala ya aliyense, ukangotsalira pang'ono nambala yako imafiira anthu onse n'kumakuyang'ana. Pano akuti kukubwera maloboti osoka okha. Tulo sindikupeza, ndili ndi ana pasukulu. Ndiuzeni zoona, ntchito yathuyi yatha?
Mayi wa nkhawa

Yankho: Mayi, kalata yanu yandikhudza, ndipo poti mwapempha zoona ndikupatsani zoona zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ndiyambe ndi maloboti. Kusoka ndi imodzi mwa ntchito zomwe zawakanika kwambiri akatswiri a makina, chifukwa chake ndi nsalu. Chitsulo kapena pulasitiki loboti ikagwira chimakhala momwemo, koma nsalu imapindika, imatamuka, imaterera, m'mphepete mumadzipinda mokha makamaka ya T-shirt yomwe inu mumagwirayo, ndipo pa mkono mumalumikiza zidutswa ziwiri zokhota mosiyana, zala zanu zikukoka apa kumasula apo osachita kuganiza n'komwe. Zimenezo n'zovuta zedi kuphunzitsa makina. Kampani ya SoftWear Automation ya ku Atlanta ku America yakhala zaka zambiri ikupanga makina otchedwa Sewbot omwe amatsata nsalu ndi makamera, ndipo pomwe anayambira kuchita bwino ndi pa zinthu zafulati monga matawulo, timakapeti ta kubafa ndi zovundikira mapilo. Kampani ina yaing'ono yotchedwa Sewbo mu 2016 inachita kuumitsa nsalu ndi mankhwala osungunuka m'madzi kuti ikhale ngati katoni, loboti isoke, kenako n'kuichapa kuti ifewenso, mukuona kutalika kwa njira yomwe akuzungulira pofuna kuchita chomwe manja anu amachita pa masekondi ochepa. Adidas nayo inatsegula mafakitale a maloboti opanga nsapato ku Ansbach ku Germany ndi ku Atlanta, koma mu 2019 inalengeza kuti iwatseka onse awiri pofika 2020 ndipo luso lakelo inalipititsa ku mafakitale a ku Asia komwe kuli anthu.

Mu 2016 ILO, bungwe la United Nations loona za anthu ogwira ntchito, linatulutsa lipoti lonena kuti ogwira ntchito za nsalu, zovala ndi nsapato 86 pa 100 alionse ku Vietnam ndi 88 pa 100 alionse ku Cambodia ntchito zawo zili pa chiopsezo chachikulu cholandidwa ndi makina. Anthu anachita mantha ndipo m'pomveka. Koma mpaka pano zovala m'maiko amenewo akusoka ndi anthu okhala pa mashini ngati inu nomwe, ndipo ku Bangladesh kokha makampani a zovala ali ndi antchito pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo amayi. Ndiye ayi, sindikuona kuti mudzuka mawa n'kupeza loboti pampando panu ikulumikiza mikono.

Chowawa n'chakuti zomwe zachitikira anzanu aja ndi zenizeni ndipo zipitirira. Ntchito zomwe zikutha ndi zozungulira wosoka, kudula ulusi poti mashini zatsopano zimadula zokha, kunyamula mabandulo, kuyala nsalu kodulira, kulemba ndi choko pomwe thumba likhale, kuwerenga ndi kulemba m'kope. Komanso ntchito zosoka zomwe ndi zobwerezabwereza pa kachidutswa kakang'ono kafulati, monga kuika thumba la kumbuyo kwa jinzi, timalupu ta lamba, mabowo a mabatani, izi zili kale ndi makina ake omwe munthu mmodzi amangolowetsa nsalu n'kumayang'anira awiri kapena atatu. Kumbali ya majuzi, kampani ya Shima Seiki ya ku Japan inatulutsa mu 1995 makina oluka juzi yathunthu yopanda msoko. Mantha amenewa si achilendo ndipo si opusa, ku Paris mu 1831 atelala anaphwanya mashini pafupifupi 80 za Barthélemy Thimonnier zomwe zinkasoka mayunifolomu a asilikali poopa kuti ziwalanda chakudya pakamwa. Kusoka sikunathe, koma amene ankangodziwa singano ya pamanja yokha anavutikadi.

Ndiye langizo langa kwa inu mayi ndi lakuti musakhale wa ntchito imodzi. Mikono mumaitha, pemphani kuti akuphunzitseni khosi, kupinda m'munsi, mashini ya singano ziwiri, ndipo makina atsopano akafika inu mukhale woyamba kukweza dzanja kuti ndikufuna kuphunzira, olo sikirini yake ikhale ya Chingerezi musaope, mabatani omwe mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Pa laini ya makompyuta munthu wofunika kwambiri ndi uja angathe kusunthidwa kupita pomwe patsalira, ameneyo amakhala womaliza kuganiziridwa pochepetsa anthu.

Tsopano za sikirini yofiirayo, apa ndiye ndikulankhula ndi mabwana omwe akuwerenga tsamba lino. Kugwiritsa ntchito sikirini pochititsa munthu manyazi n'kulakwa, ndipo kuwonjezera pa kupweteka mtima kwa munthu mukuononganso chida chomwe munagula modula. Kufiira kumayenera kutanthauza kuti apa pakufunika thandizo, makaniko kapena supavaiza athamangireko. Kukasanduka chokalipira, anthu amaphunzira kunamiza makina, amadina kuti amaliza asanamalize, amathamangitsa msoko kwalite n'kugwa, amabisa kuti mashini ikudumpha, ena amaleka ndi kumwa madzi komwe kuopa kupita kuchimbudzi, mapeto ake manambala onse a mu kompyuta ndi abodza ndipo bwana akupanga mapulani pa bodza. Inu mayi pamodzi ndi anzanu, kudzera ku komiti ya ogwira ntchito kapena yuniyoni ngati ilipo, funsani zinthu izi mwaulemu koma molimba: tageti anaiwerengera bwanji, mphindi zomwe mashini yafa kapena mukudikira ntchito kuchokera kumbuyo zikulembedwa padera kapena zikugwera pa nambala yanu, ndipo laini ikatulutsa zambiri chifukwa cha makinawa bonasi yanu ikukwera nawo kapena tageti yokha ndi yomwe ikukwera. Funso lachitatuli ndi lomwe ine ndimaliona lalikulu. Fakitale yomwe phindu la makina limathera ku ofesi kokha osoka ake sadzawakonda makinawo, ndipo makina omwe owagwiritsa ntchito sakuwafuna sabweza ndalama.

Funso: Ndine makaniko, mashini wamba zosokera ndimazidziwa ngati dzanja langa koma makina atsopanowa akangolemba nambala ya vuto pa sikirini ndimangoima. Injiniya wa kampani yomwe inatigulitsa amachokera kunja ndipo amatenga masabata, sipeya nazonso zimachedwa, ndiye makina okwera mtengo kwambiri amangokhala ataphimbidwa. Nditani?
Makaniko

Yankho: Achimwene, luso lanu silinathe ntchito, mkati mwa makina amenewo mukadali singano, shatulo, malamba ndi mabeyaring'i omwe mumawadziwa aja, chawonjezekapo ndi masensa, mpweya ndi magetsi. Ndipo mavuto ambiri amachokera ku zitatu zimenezi pa zifukwa zazing'ono zedi. Fumbi la nsalu likakhala pa diso la sensa makina amaona ngati pali nsalu pomwe palibe, n'kuima. Makina ambiri odziyendetsa amayendera mpweya wa kompresa, ndiye ngati mpweyawo uli ndi madzi kapena mphamvu yake ikutsika chifukwa mapaipi akudontha, mavalavu amachita dzimbiri ndipo timasilinda timayenda mwaulesi, choncho kukhetsa madzi mu thanki tsiku lililonse ndi kukhala ndi choumitsira mpweya ndi nkhani yaikulu kuposa momwe imaonekera. Magetsi okwera ndi kutsika amaotcha mabodi a zamagetsi a mkati mwa makina, ndipo bodi imodzi mtengo wake umaposa wa chotetezera magetsi chomwe chikanaiteteza. Pa makina odula nsalu yang'anirani mpeni ndi zonolera zake, komanso timabulashi ta patebulo pomwe mpeni umalowa, tikadzadza zinyenyeswa mpweya wokoka nsalu umafooka, mulu umasuntha ndipo zidutswa za pansi zimatuluka zosiyana ndi za pamwamba.

Gulani kope, nambala iliyonse ya vuto ikatuluka lembani tsiku, makina ake, chomwe chinachitika ndi chomwe chinakonza. Pakatha miyezi ingapo muona kuti ndi manambala ochepa omwewo amene amabwerabwera, ndipo kope limenelo ndi lomwe mukawaonetse abwana popempha kuti sipeya zakutizakuti zizikhala m'sitolo nthawi zonse. Injiniya uja akabwera musamusiye yekha, khalani pambali pake, jambulani pa foni, funsani chifukwa chake pa chilichonse. Makina ambiri atsopano amatha kulumikizidwa pa intaneti moti injiniya amaona vuto ali kwawo n'kukuuzani chochita pa vidiyo, funsani ngati anu ali ndi mwayi umenewu poti pena umakhalapo koma palibe anaulumikiza. Sunganinso kope la mapulogalamu ndi masetingi onse pa fulashi, bodi ikapsa musadzayambirenso pa ziro.

Ndipo abwana anu amve izi, pogula makina ena mtsogolomu maphunziro a makaniko, buku la makinawo, mndandanda wa sipeya ndi masiku omwe wogulitsa akulonjeza kufika zikavuta zilembedwe mu mgwirizano asanalipire. Makina otchipa opanda wowakonza pafupi ndi omwe amadzakhala odula kwambiri.

Funso: Ndili ndi kafakitale kakang'ono ka mashini 30, timasoka mayunifolomu ndi maoda ang'onoang'ono osiyanasiyana. Ndimaona mavidiyo a mafakitale a mahang'ala ndi maloboti ndiye ndimada nkhawa kuti nditsalira. Ndalama ndili nazo zochepa, ndiyambire pati?
Mayi wabizinesi

Yankho: Mayi, mavidiyo amenewo asakuthamangitseni mtima, ambiri amajambulidwa m'mafakitale osoka sitayilo imodzi zikwi mazanamazana. Makina apadera ngati oika matumba okha amabweza ndalama akamagwira tsiku lonse pa chinthu chofanana, inu amene lero ndi malaya mawa ndi siketi mkuja ndi ovolosi angadzakhale nthawi yambiri akudikira kapena akusinthidwa zitsulo.

Ine nditakhala inu ndingayambe ndi mamota. Mashini zakale zili ndi mota ya kilatchi yomwe imangozungulira olo munthu asakusoka, pomwe mota ya servo imayenda pokhapokha mwaponda, ndiye magetsi amatsika kwambiri, phokoso ndi kutentha zimachepa, ndipo wosoka amailamulira bwino pokhota. Mukamagula mashini yatsopano tengani yodula ulusi yokha ndi kukhoma msoko yokha, masekondi omwe imapulumutsa pa msoko uliwonse mukawaphatikiza pa tsiku ndi ambiri. Kenako tizitsulo topindira nsalu tomangirira kutsogolo kwa singano, timapazi tapadera, ndi matempuleti a pulasitiki osokera makolala ndi zivundikiro za matumba kuti atuluke ofanana olo wosokayo akhale watsopano. Izi n'zotsika mtengo koma zimasintha laini kuposa momwe anthu amaganizira.

Chachiwiri ndi pulogalamu ya mapatani pa kompyuta ndi chosindikizira chake. Kudula mutha kupitiriza ndi mpeni wamagetsi wa pamanja, koma kukulitsa masaizi ndi kuyala mapatani kuchitike pa kompyuta, mupulumutsa nsalu ndipo kasitomala akabweranso chaka chamawa patani yake ilipo, simuyambiranso. Kwa inu mdani wamkulu ndi nthawi yotayika posintha sitayilo, ndiye oda yotsatira ikonzedweretu ina isanathe, ulusi, singano, tizitsulo, sampulo yovomerezeka, zonse zikhale pa tebulo. Za kuwerenga ntchito yambani ndi bolodi ndi choko, ola lililonse kulemba zomwe zatuluka ndi chifukwa chake ngati zachepa. Mukazolowera kuchitapo kanthu pa manambala a pa bolodi ndiye mudzagule matabuleti, adzakuthandizani poti chizolowezicho chidzakhala chilipo kale.

Funso: Kwathu timapanga majinzi ndipo akufuna kubweretsa makina a laser oti azichita zoyeretsa ndi zong'amba zija m'malo mopala ndi manja. Ena akuti ndi oopsa. Zoona?
Mnyamata wa kochapira

Yankho: Achimwene, pa makina onse omwe takambirana lero awa ndi omwe ndimawalandira ndi manja awiri, chifukwa ntchito yomwe akulowa m'malo mwake ndi yomwe yapweteka anthu. Kupopera mchenga pa jinzi kunadwalitsa ndi kupha anyamata ambiri ku Turkey ndi matenda a m'mapapo otchedwa silicosis mpaka boma la kumeneko linaletsa mu 2009, ndipo kupala ndi sandipepa tsiku lonse komanso kupopera mankhwala a potassium permanganate nakonso si kwabwino pa chifuwa ndi pakhungu. Laser ndi kuwala kwamphamvu kwambiri komwe kumaotcha utoto wa pamwamba pa nsalu motsata chithunzi cha pa kompyuta, kampani ya Jeanologia ya ku Valencia ku Spain ndi imodzi mwa zodziwika popanga makinawa, ndipo kampani ya majinzi ya Levi's polengeza njira yake yatsopano mu 2018 inati jinzi imodzi ikutha pa masekondi 90 pomwe ndi manja munthu ankamaliza ziwiri kapena zitatu pa ola.

Kuopsa kulipo ngati anthu achita chibwana. Utsi wake uyenera kukokedwa ndi paipi kupita kunja kudzera mu zosefa, zitseko ndi masensa otetezera asamazimitsidwe pofuna kufulumira poti kuwalako kumaononga maso ndi kuotcha khungu, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi chifukwa nsalu ya thonje imayaka. Komanso si nsalu iliyonse ya jinzi yomwe imayera mofanana, ndipo yotamuka ija mphamvu ikachuluka timaulusi take ta mphira timapsa jinzi n'kudzang'ambika pochapa, choncho mpukutu watsopano uliwonse muziyamba mwayesa pa kachidutswa. Anthu opala ndi manja adzachepa ndithu, ndiye inu pemphani msanga kuti muphunzire kuyendetsa makinawo kapena kukonza zithunzi zake pa kompyuta, poti munthu amene wapalapo jinzi ndi manja amadziwa kale pomwe imayenera kuyera pa bondo ndi pa ntchafu kuti ioneke yachilengedwe.